Bulangete Lopanda Mfundo

Tsiku limene Mayi Breslin anaponya bulangete patebulo la m'sitolo mwawo, Dervla analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Linali bulangete la mwana, la mizere yoyera ndi yobiriwira, loyamba limene Dervla analuka n'kugulitsa chimuchotsereni ntchito kufakitale ya nsomba ku Killybegs. Wogulayo anangolichapa kamodzi. Paliponse pamene mitundu inakumana panali patamasuka, mabowo ali yasa.

"Mwana akubatizidwa Lamlungu, ndiye amufunditse ukonde?" anatero Mayi Breslin. "Pita nalo kudoko, asodzi akulifuna. Kodi si iwe mwana wa a Nuala? Osakawafunsa amayi ako bwanji?"

Apo ndiye anamugunda pabala. Dera lonselo linkadziwa manja a Nuala pa zoluka ndi kangowe, koma Dervla ndi amayi akewo sankayankhulana. Ali mtsikana, akafuna kusintha mtundu wa ulusi ankangomanga mfundo n'kudula ndi sizasi pafupi penipeni. Amayi ake ankamasula zonse, uku akumunena kuti ndi waphuma ngati bambo ake. Tsiku lina Dervla anatopa nazo, naponya ulusi pamoto.

"Ndidzabwerera m'nyumba muno ndili ndi bulangete loti simudzapezapo chonena," anatero akutseka chitseko.

Tsono basi yopita kwawo inkadutsa pakhomo pake m'mawa uliwonse. Akanakwera, akanauzidwa zonse tiyi asanazizire. Sanakwere. Kunyada, abale, kumapweteketsa.

Anapeza ganyu yotsuka mbale kuhotela. Akaweruka ankazungulira m'masitolo a kaunjika kugula mabulangete akale, n'kumawamasula pang'onopang'ono kuti aone mmene amayi akale ankalumikizira mitundu. Ndi mmene anadziwira kuti mtundu watsopano sudikira kuti wakale uthe. Umalowa pomaliza penipeni: pakangowe pakatsala timaso tiwiri ta ulusi wakale, umakoka ulusi watsopano kudutsa monsemo. Nsonga umazisiya zazitali ngati chikhatho, umaziluka pamwamba, kenako umazibweza ndi singano kuti zibisale. Mfundo ayi.

Ntchito yake ndi yotopetsa zedi. Zala zinkatupa, ndipo kangapo konse analira chifukwa mzere unali utakhota. Ankamasula n'kuyambiranso. Akamaliza bulangete ankalichapa mobwerezabwereza, mwinanso kulipatsa galu wa aneba kuti alikoke.

Dervla atabwerera kusitolo ndi bulangete lina, Mayi Breslin sanafune n'kumuyang'ana komwe.

"Wabweranso ndi ukonde wina?"

"Mukalichape nokha, mayi. Likamasuka musadzandionenso."

Analitenga monyinyirika. Sabata yotsatira anamuitanitsa. "Uli nawo ena?"

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda. Alendo ankagula, maoda anachuluka, mpaka Dervla anasiya mbale zija n'kulemba ntchito anzake amene anachotsedwa nawo limodzi kufakitale. Koma bulangete lililonse limene ankati apite nalo kwa amayi ake, ankalipezera chifukwa. Ili mtundu wina wasuzumira pamene sufunika, ili ngodya yapindika. Ankati lotsatiralo. Zaka zinadutsa akuti lotsatiralo.

Kenako mlongo wake Cathal anaimba foni. "Amayi tawapititsa kunyumba yosamalira okalamba. Mutu wawo sukugwiranso. Ubwere, usachite kusankha tsiku."

Anatenga bulangete limene linali pafupi, osaliyang'ana n'komwe.

Anawapeza atakhala pawindo, atachepa ngati mwana. Anawafunditsa m'maondo. Amayi aja analitembenuza, zala zikuyenda mzere ndi mzere, kuima paliponse pamene mitundu yakumana. Anafufuza nthawi yaitali.

"Palibe mfundo," anatero. "Mwaluka ndinu, mayi?"

"Ndine, amayi. Ndine Dervla."

Dzinalo silinawafike. Anamwetulira ngati mmene munthu amamwetulira mlendo.

"Amene anakuphunzitsani anali woleza mtima. Inetu ndili naye mwana wamkazi, koma ndinamuthamangitsa ndi pakamwa pangapa. Mukamuona mumuuze abwere. Ngakhale chimanjamanja, abwere."

Dervla anagwada, nabisa nkhope m'bulangetemo. Amayi ake ankamusisita m'mutu, akufunsa namwino kuti mayi wachifundoyu walira chiyani.

Lero sitolo ya Dervla ndi yodziwika, ndipo aliyense wofuna kuphunzira amamulandira. Koma mukamuyamikira amangoyang'ana pansi.

Inu amene zanu zamasuka pamaso pa anthu, musataye mtima. Masulani, yambiraninso, zidzagwira ndithu monga zinagwirira kwa Dervla. Koma ngati pali khomo limene mukuti mudzagogode mukadzapambana, musadikire. Pitani lero, mmene mulilimo, akadali okhoza kukutchulani dzina.