Chimene Gideoni Sananene Chaka cha Njala

Gideoni Chikoti anabadwira m'mudzi wina chakumadzulo kwa Kabudula, ndipo mpaka lero amakhala momwemo. Sukulu analekeza sitandade sikisi, bambo ake atamwalira n'kumusiyira munda, chigafa cha fodya ndi ng'ombe ziwiri zapangolo. Amalima chimanga, fodya ndi mtedza monga aliyense wa kumeneko. Mkazi wake ndi Rute, ndipo ana awo anayi onse anakula.

Kwa zaka zambiri anthu ankamudziwa Gideoni ndi kusakhala pansi. Poumba njerwa za tchalitchi, iye ndiye ankayamba kufika pankhuti n'kukhala womaliza kusamba matope. Pakagwa maliro ankatuta nkhuni ndi ngolo yake, akatero n'kukathandiza adzukulu kumanda. Munthu akadwala mwakayakaya, ngolo yopita naye kuchipatala inali ya Gideoni, ndipo ukamupatsa kangachepe ankakana. Anthu ankati, "Ngati kuli Mkhristu m'mudzi muno, ndi ameneyu." Iye akamva zimenezo ankayang'ana kumbali n'kufunafuna chochita ndi manja.

Nkhani yake inayamba m'chaka cha njala, 2002. Pofika February nkhokwe zonse zinali pululu. Anthu ankadya madeya, ndipo madeya atasowa anayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Chimanga m'minda chinali chitangoyamba kukhwima, choncho aliyense ankalondera munda wake, chikwanje chili m'manja. Kwa Gideoni, mwana woyamba, Ulemu, anali ndi zaka zitatu, ndipo mapazi ake anali atayamba kutupa.

Tsiku lina masana kunagwa mvula yamphamvu, anthu onse n'kuthawira m'nyumba. Gideoni anatenga thumba nalowa m'munda wa a Dominic, bambo wina wachikulire wa m'mudzimo amene anabzala ndi mvula yoyamba. Anathyola chimanga chofika theka la thumba. Kwa Rute ananena kuti wagwira ganyu kutsidya kwa dambo. Rute anakonza chitibu, ufa uja wa chimanga chosauma, ndipo banjalo linadya masiku anayi. Patapita sabata Gideoni anabwereranso m'munda womwewo. A Dominic ataona mapesi opanda kanthu anayenda mudzi wonse akulumbira kuti tsiku limene wakubayo adzagwidwe, adzauona mpini wa khasu.

M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Evaristo, wochokera ku Nambuma, amene anakwatira Maria. Anali mmisiri wa matabwa, munthu wansangala, ndipo iye ndi Gideoni ankagwirizana kwambiri. Chitseko cha nyumba ya Gideoni anapala ndi iyeyo.

M'mawa wina dzuwa litangotuluka, Gideoni akuyendera munda wake, anamva mapesi akuthyoka. Anaona munthu atawerama pakati pa mizere, kathumba kali m'khwapa. Asanamuone nkhope anakuwa kuti wakuba. Munthuyo atatembenuka, anali Evaristo.

"Ndine, Gideoni. Usakuwe. Kwanga ana sanadye masiku atatu."

Koma olondera minda yoyandikana anali atamva kale. Posakhalitsa panadzaza anthu. Anamugwetsa pansi Evaristo, kathumba kaja n'kutayika. Munalibe chimanga chokwana ngakhale chakudya cha tsiku limodzi. Mwina akanangomumenya makofi n'kumusiya, koma kunafika a Dominic, mpini uli m'manja.

"Ndiwe amene wandimalizira munda kawiri konse, eti?"

"Ayi, bambo. M'munda mwanu sindinapondemo. Lero ndi koyamba."

Palibe anamukhulupirira. Evaristo anayang'ana uku ndi uku kufuna munthu womuikira kumbuyo, maso ake n'kuima pa Gideoni. Gideoni anali chiimire mapazi atatu okha kuchokera pamenepo. Mawu anafika pakhosi. Anayang'ana mpini uja, naganiza za Ulemu, nakhala chete.

Dzanja lamanja la Evaristo linathyoka malo awiri, ndipo khutu lakumanzere linagontha. Anthu atabalalika, Gideoni anamanga ng'ombe, namugoneka mnzakeyo m'ngolo n'kupita naye kuchipatala. M'mudzi anamutama chifukwa cha chifundo: munthu wakubera, iwe n'kumunyamulanso. Evaristo atatuluka m'chipatala anatenga Maria ndi ana n'kubwerera kwawo ku Nambuma. Mwezi wotsatira kunamveka kuti mwana wawo wamng'ono wamwalira. Kaya njala ikanamutengabe, kaya akanapulumuka bambo ake akanakhala ndi manja onse, Gideoni sanadziwe, ndipo funso limenelo silinamuchoke.

Njala inatha, anthu anakolola, moyo unapitirira. Ulemu anachira, anakula, anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi. A Dominic anamwalira osadziwa chilichonse, ndipo manda awo anakumba nawo Gideoni. Tsiku lililonse ankalowa ndi kutuluka pa chitseko chopalidwa ndi dzanja limene silidzagwiranso chipangizo cha umisiri. Anaganizapo zochichotsa, koma anasowa chimene akanamuuza Rute. Kutchalitchi sankajomba, komabe Lamulungu la Mgonero likafika ankapeza chifukwa: ng'ombe yadwala, fodya afunika kuthyola, mutu ukuwawa. Popemphera ankatchula mvula, ana ndi odwala, n'kufulumira kunena ameni asanafike pa zake. Akamva kuti kwinakwake kukufunika manja, ankathamangira, chifukwa thupi likatopa kwambiri mutu unkaleka kulankhula kwa kanthawi.

Zinatero zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mu 2023 mpingo wawo wa CCAP unafuna kuwonjezera akulu a mpingo, ndipo dzina la Gideoni linatchulidwa ndi anthu ambiri. Iye atamva, anasowa kutchalitchi masabata atatu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Amene anamulondola anali a Cornelius, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo wakalekale, woyenda ndi ndodo. Anamupeza kumunda akukumba mtedza, mwezi wa May. Atapatsana moni, anakhala pamzere n'kuyamba kuthothola mtedza ngati abwerera zomwezo.

"A Chikoti, mpingo wakulakwirani chiyani kodi?"

"Palibe, aphunzitsi. Ntchito yandichulukira."

"Ntchito inakuchulukirani kalekale, koma simunajombepo. Ine ndakhala ndikukuonani zaka zambiri. Anthu ena amagwira ntchito ya Mulungu akuimba. Inu mumagwira ngati pali wina akukuthamangitsani kumbuyo."

Gideoni anabaya khasu pansi. Anafuna kuseka kuti nkhaniyo ipite, koma milomo inakana. Anakhala pansi chapatali pang'ono, nayamba kufotokoza, maso ali pa dothi. Ananena za mvula ija, za thumba, za ulendo wachiwiri, za mpini. Atafika pa maso a Evaristo mawu anatha.

A Cornelius anaika mtedza pansi. Iwonso analipo chaka chimenecho, ndipo Evaristo ankamukumbukira.

"Chinthu chimenechi n'choipa," anatero. "Sindikunamizani kuti n'chaching'ono. Koma tandiuzani, njerwa zonse mwaumba zija, zachotsapo kanthu?"

"Ayi."

"Sizingachotse. Inu mwakhala mukuganiza kuti Ambuye Yesu akufuna anthu amphamvu oti azimusenzera katundu. Iye anaitana otopa, kuti abwere adzatule. Inu mumafika pakhomo pake sabata iliyonse, mtolo uli pamutu, kupereka moni, n'kubwerera nawo."

"Munthu ngati ine angandilandire? Mwana wa eni ake ali m'manda."

"Anafera anthu ati nanga? Olungama? Muuzeni monga mwandiuzira ine. Mukatero pali anthu awiri kapena atatu oyenera kumva ndi makutu awo."

Anagwada pomwepo pakati pa milu ya mtedza. A Cornelius anayamba, kenako anasiya kuti Gideoni apitirize yekha. Pemphero lake silinali lokonzedwa bwino. Anangotchula zinthuzo ndi mayina ake: ndinaba, ndinanama, ndinakhala chete munthu akuvulazidwa chifukwa cha ine. Analira monga sanalirepo chiyambire maliro a bambo ake.

Madzulo a tsiku lomwelo anamuuza Rute ali pakhonde. Ankayembekezera kuti mkazi wake adabwa. Rute anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenako anati, "Bambo a Ulemu, chaka chija ganyu kunalibe. Ndani akanalipira munthu chimanga nthawi imeneyo? Ine ndinadziwa kuti chachokera m'munda wa munthu. Sindinafunse chifukwa mwana ankadya. Evaristo atamenyedwa ndinalumikiza ndekha, koma ndinaopa kukufunsani." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Maria ndinkatunga naye madzi pachitsime chimodzi. Mpaka lero sindinapiteko kukamupepesa maliro a mwana."

Loweruka lake Gideoni anapalasa njinga kupita ku Nambuma. Atafunsafunsa pamsika anamulozera nyumba yaudzu kuseri kwa chigayo. Evaristo anali panja pa benchi, akumanga mchere m'timapepala togulitsa ndi dzanja lamanzere, lamanja lija litapindika pachifuwa. Tsitsi lonse linali litayera. Atamuzindikira mlendoyo anasekerera, naitana Maria kuti abweretse mpando.

Chisangalalo chimenecho chinamupweteka Gideoni kuposa mmene chipongwe chikanamupwetekera. Atafunsana za kumudzi, anayamba kunena chimene anabwerera, motsitsa mawu, mutu uli pansi. Atamaliza Evaristo anati, "Pepani, achimwene, mwakhala mbali yolakwika. Khutu ili silimva. Bwerani uku, mukweze mawu."

Anasuntha mpando, nanenanso zonse kachiwiri, mokweza, moti Maria amene anali pakhomo anamva mawu alionse.

Evaristo anasiya mchere uja. Anayang'ana kumsewu.

"Zaka zonsezi ine ndimadana ndi a Dominic," anatero. "Inu ndimakutchulani kwa ana anga kuti ndinu munthu amene munandinyamula pangolo."

"Ndikudziwa kuti sindiyenera kupempha kanthu. Ndabwera kuti mudziwe, ndiponso kuti ndipepese."

"Pitani kaye. Lero ndilibe mawu."

Maria anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Pobwerera Gideoni anayenda mtunda wautali akukankha njinga. Manyazi anali atamukuta thupi lonse, komabe anazindikira kuti akupuma mpweya wofika pansi pa chifuwa. Panalibenso chimene munthu akanamutulukira.

Anakaonekera pa bwalo la akulu a mpingo, ndipo Lamulungu lotsatira anapempha kuti aime pamaso pa anthu. Ananena mwachidule kuti Evaristo, mkamwini uja wa ku Nambuma, sanabe m'munda wa malemu a Dominic, anaba ndi iye. Achinyamata ambiri sankaidziwa n'komwe nkhaniyo, koma achikulire anawerama, chifukwa ena mwa iwo anaponya nawo chibakera tsiku lija. Za ukulu wa mpingo zinathera pomwepo. Anamuimitsa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi kuti azilandira uphungu, ndipo ana a a Dominic anasiya kumupatsa moni, poti bambo awo anavulaza munthu pa mlandu wa Gideoni.

Miyezi imeneyo ndi imene Gideoni amaitchula kuti anayamba kupuma. Ankakhala benchi yakumbuyo wopanda udindo uliwonse, n'kumamvetsera. Kwa nthawi yoyamba mawu onena za chikhululukiro anawamva ngati akunena iye, osati anthu ena abwinoko. Chikumbumtima sichinatheretu. Masiku ena nkhope ya Evaristo ili pansi inkabwera monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti sankathamangiranso khasu. Ankakhala pansi n'kunena, "Ambuye, chija chabweranso. Ndinakupatsani kale, chitengeninso." Nthawi itakwana analandira Mgonero.

Gideoni anaonananso ndi Evaristo tsiku la msika pa Kabudula, mvula yoyamba itagwa. Evaristo ndiye amene anayamba kuitana. Anaima pambali pa ogulitsa mbewu.

"Ndaganiza nthawi yaitali," anatero Evaristo. "Mtima sukufuna, ndisakunamizeni. Koma nanenso ndimapemphera tsiku ndi tsiku kuti andikhululukire zanga, ndipo m'munda mwanu muja sindinalowemo kudzapalira. Njala inatisandutsa zinthu zina tonse. Ndakukhululukirani. Ndamvanso kuti munanena pagulu. Ana anga akhoza tsopano kupita kwa amalume awo osatchedwa ana a mbava ya mudzi wonse."

Anatambasula dzanja lamanzere, Gideoni nalilandira ndi manja awiri.

"Nanga mayi a kunyumba?"

"Maria musamukakamize. Mwana uja anafera m'manja mwake."

Chiyambire pamenepo Gideoni ndi Rute amapita ku Nambuma kamodzikamodzi. Nyengo yolima Gideoni amapita ndi ng'ombe kukagaula munda wa Evaristo, ndipo amuna awiriwo amacheza za mitengo ya feteleza ndi za anthu amene anamwalira. Maria akawaona akubwera amatenga ndowa n'kupita kumjigo, ndipo sabwerako mpaka alendo atanyamuka. Ulendo wa mwezi wathawu Rute anatenga ndowa ina namutsatira. Anaima pamzere umodzi, anatunga, n'kubwerera limodzi, wina patsogolo wina pambuyo. Gideoni atafunsa panjira ngati analankhulana, Rute anati ayi, koma pomutwika ndowa Maria sanakane.