Machubu a Bambo Tembo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali. Ankapemphera limodzi ndi Mayi Nkhoma, namwino wopuma pantchito amene anali ndi kasitolo ka mankhwala pa Kamwendo. Ine ndinkapukuta mashelefu, kuona madeti pamapaketi ndi kuthandiza pakauntala. Lamulo la Mayi Nkhoma linali lakuti mankhwala opaka amphamvu otchedwa siteroidi asatuluke ndisanafunse kuti munthuyo wawagwiritsa ntchito nthawi yaitali bwanji.

Bambo Tembo, dalaivala wa thiraki yodutsa paboda, ankabwera mwezi uliwonse kudzagula chubu cha betametazoni, amodzi mwa mankhwala a siteroidi aja. Ankangoloza ndi chala. Mtsikana ngati ine kufunsa munthu wamsinkhu wa atate anga, ndinkachita manyazi. Ndinawagulitsa miyezi isanu osafunsa kanthu.

Tsiku lina la msika, anthu ali thithithi, anapempha machubu atatu. Ndinalimba mtima.

"Bambo, mwakhala mukupaka kuyambira liti?"

"Iwe tangondipatsa, ndikuchedwa."

"Pepani, dikirani kaye amayi."

Mmene anandiyang'anira, ndinkangoti ntchito yathera pomwepo. Koma sanachoke. Mayi Nkhoma anawaitanira kuseri kwa katani, ndipo poti katani sibisa mawu, ndinamva zonse. Zaka ziwiri khungu la kumaliseche likuyabwa ndi kuyera, iwo akupaka m'mawa ndi madzulo, ndipo tsopano linali litayamba kung'ambika. Poganiza kuti ndi matenda opatsirana, anasiya kukhala malo amodzi ndi akazi awo osawauza chifukwa chake.

"Mukapaka mopitirira chonchi khungu limapyapyala," anatero Mayi Nkhoma. "Lero sindikugulitsani. Pitani kuchipatala akakuoneni."

Bambo Tembo anatuluka osatsanzika, ndipo masiku onse otsatira mtima wanga unali m'mwamba.

Patatha milungu itatu anabwera ndi akazi awo, buku la kuchipatala lili m'manja. Anali matenda apakhungu okhalitsa, koma osapatsirana. Adokotala sanawaletse mankhwalawo. Anawalembera muyezo wake, pang'ono chabe pamasiku oikika, ndi deti yokaonedwanso.

Mayi Tembo anandikokera pambali. "Mwanawe, ine ndinali nditamanga kale katundu kuti ndibwerere kwathu ku Guilleme. Ndinkati apeza wina kuboda."

Nditamva zimenezi, ndinangokhala pansi pakatoni.

Mpaka lero kasitomala akandikalipira chifukwa chomufunsa, sindidandaula. Wokwiya amabweranso. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja wochoka akumwetulira, ine ndisakudziwa chimene akukachiza.