Nyimbo Zathu mu Filimu ya ku Madzimoyo

Tinali atatu m'gulu lathu: ine woimba ndi kuliza kiyibodi, mchimwene wanga pa gitala, ndi mnzathu wa ku sekondale pa ng'oma za bandi. Tinalibe kampani yotijambula. Tinkayeserera nyimbo kuseri kwa sitolo ya bambo ake a mnzathuyo, m'chipinda chosungiramo mabelo a zitenje. Bambowo anatipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti ikakwana nthawi ya swala, mapemphero awo a Chisilamu, zonse zizikhala zii.

Nyimbo zathu zinali zofewa, zoyenda pang'onopang'ono. Kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ankati n'zogonetsa, ndipo paukwati sankatiitana.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wopanga mafilimu wochokera ku Lusaka. Anali atamva nyimbo zathu pa foni ya msuweni wake. Ankajambula filimu ku Madzimoyo, nkhani ya mtsikana amene wabwerera kumudzi kudzagulitsa munda wa malemu bambo ake, koma mtima ukumukaniza.

"Zimene mumaimbazi ndi zimene ndikufuna," anatero. "Mundipangire chimbale chathunthu cha filimuyi. Musasinthe kalikonse."

Tinamukhulupirira. Tinapita ku Madzimoyo kukaona akujambula, n'kukhala padzuwa tsiku lathunthu m'mphepete mwa munda wa mtedza. Ndinaona mtsikana uja ataima pakhomo la nyumba ya bambo ake, dzanja lili pachitseko, akulephera kutsegula. Pobwerera m'minibasi nyimbo inali itayamba kale m'mutu mwanga. Imeneyo tinkangoitcha kuti nyimbo ya pakhomo.

Kujambula kunali kovuta. Tinkayamba m'mawa sitolo isanatsegulidwe, chifukwa masana mabelu a njinga zakabaza ankalowa m'maikolofoni. Nthawi zina nyimbo ikafika pokoma, magetsi thi! Timayambiranso mawa lake. Komabe tinamaliza, n'kumutumizira mkulu uja pa foni.

Yankho linabwera: "Zabwino, koma zikumveka za m'tauni kwambiri. Muikemo ng'oma zakumudzi. Kunjaku anthu amafuna kumva Afirika."

"Nanga ifeyo tikukhala kuti?" anafunsa mchimwene wanga. "Chipata anamusamutsa?"

Tinakabwereka ng'oma zachikopa. Mnzathu uja anali asanaziombepo ndi manja, zikhato zinatupa mpaka ankalephera kupinda nsalu m'sitolo. Titatumiza, mkulu uja anati tsopano zikumveka ngati pa chinkhoswe, pomwe filimuyo ndi yachisoni. Tinazichotsa. Kenako anati mawu achuluka, akupikisana ndi ochita sewero. Ndinadula mavesi amene ndinawavutikira.

"Asisi, bwanji pena muzingoti mmm, mmm, basi?" anandiuza pa foni.

Mchimwene wanga anaika gitala pansi. "Ine ndasiya. Munthuyu sakudziwa chimene akufuna."

"Tayamba kale, achimwene. Tiyeni tingomaliza."

"Umalize wekha mmm wakoyo."

Tinkakhala nyumba imodzi koma tinasiya kulankhulana. Amayi ankangotiyang'ana patebulo, n'kufunsa ngati nyimbo ndi zimene zimadanitsa anthu chonchi. Patapita masiku mchimwene wanga anabwerera yekha kuseri kwa sitolo kuja, n'kuyamba kukunga nsambo za gitala.

Filimu inaonetsedwa Loweruka masana mu holo ya loji ina m'tauni. Ndinaitana amayi. Bambo ake a mnzathu anatseka sitolo msanga, n'kubwera atavala mkanjo watsopano. Magetsi a m'holo atazimitsidwa, ndinatchera khutu.

Gitala anamveka pang'ono pansi pa phokoso la njinga yamoto. Kiyibodi yanga inamveka pamene anthu awiri ankakangana, moti ine ndekha ndi amene ndinaizindikira. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ya pakhomo ikubwera. Mtsikana uja anafika, n'kuika dzanja pachitseko. Ndinagwira mkono wa amayi. Kunali zii. Mphepo yokha ndi nkhuku patali.

Nyimbo ya pakhomo anaiika kumapeto, pamene mayina a onse opanga filimuyo amakwera pa sikirini. Isanafike n'pakati pomwe, antchito a pa loji anayatsa magetsi n'kuyamba kukoka mipando, poti m'holomo munali madyerero a ukwati madzulo ake. Woyendetsa makina anazimitsa ndili pakati pa liwu.

"Mwanawe, nanga iwe unaimba pati?" anafunsa amayi.

Panja ndinamupeza mkulu uja anthu akumugwira chanza. Ndinadikira mpaka atatsala yekha.

"Achimwene, nyimbo ya pakhomo ija yapita kuti?"

"Ndinaiyesa, asisi. Popanda nyimbo panagwira mtima kwambiri."

"Bwanji simunatiuze?"

"Ndinatanganidwa. Koma mayina anu alimo."

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sindikanamutsutsa. Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga anapukuta misozi pomwepo, mtsikana uja ataika dzanja pachitseko. Koma akanatiuza, sindikanabweretsa amayi kudzamvera nkhuku. Bambo ake a mnzathu anangotisisita pamapewa n'kunena kuti chipinda chija chikadalipo.

Tinabwezera mavesi onse ndi kutulutsa chimbalecho tokha, mmene tinachipangira poyamba. Mchimwene wanga anakana kuti dzina la filimu lilembedwe pachikuto, ine ndinaumirira, mpaka tinagwirizana kulilemba ndi timalemba tating'ono pansi. Anthu ankapatsirana nyimbozo pa mafoni. Filimu ija tinangomva kuti ikuzungulira maiko akunja, ku Chipata sinabwererenso.

Pano mchimwene wanga ndi woliza gitala kutchalitchi, mnzathu akuyendetsa sitolo. Tikapeza mpata timakumanabe. Nthawi zina munthu amandiimitsa pamsika n'kufunsa kuti kodi filimu yake ya nyimbozi angaionere kuti. Ndimayamba kumufotokozera modekha, koma ndikafika pakati mawu amakwera okha, mpaka wogulitsa tomato amatembenuka.