Madzi a M'kabokosi ka a Makwinja

Ntchito yosesa m'holo ya antchito a pa esiteti ndinaipeza chifukwa cha chifuwa cha mwana wanga. Inali nthawi ya chitaganya, ndili ndi mwana mmodzi, Joyisi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo ake anali atapita ku Joni ndipo makalata sankabwera. Ndinali nditayesako kuthyola tiyi milungu itatu, dengu kumsana, mwana pachifuwa, koma mame ndi mvula zinamulowa moti ankatsokomola mpaka kusanza. Amayi ena a kwathu ku Mphuka, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi, anandigwira dzanja n'kupita nane kwa a Chikopa, kapitawo woyang'anira holo. Iwo ndiwo anandilankhulira. Ine ndinkangoyang'ana zala za kumapazi.

"Ameneyu amalankhula koma?" anafunsa a Chikopa.

"Tsache silifuna pakamwa, a kapitawo," anayankha amayiwo.

Anandilemba. Chachikulu kwa ine chinali chakuti ntchitoyo inali ndi kachipinda kake kumalaini, kunyumba za antchito, kamalata, kosadontha, ndipo ndinkagwira m'nyumba, mwana ali pouma. Pomwe mwezi unkatha chifuwa chija chinali chitasiya.

Ntchito yake inali kusesa, kukolopa simenti ndi chiguduli, kupaka polishi wofiira, kupukuta mawindo ndi kuyala mabenchi. Lamulo a Chikopa anandipatsa limodzi, chala chili m'mwamba: "Muno muli magetsi ochokera ku fakitale. Madzi ndi magetsi siziwonana. Ukawona madzi pafupi ndi waya, zula pulagi, pukuta, usadikire kufunsa munthu." Lamulo limeneli ndinalikonda, chifukwa kufunsa munthu ndiko kunkandivuta koposa kukolopa.

Loweruka lililonse masana, anthu akaweruka, m'holomo munkaimba bandi ya antchito. Mkulu wake anali a Makwinja, okonza magetsi ku fakitale, bambo wofatsa amene anakhalako ku Sozibele, likulu la chitaganya, n'kubwerako ndi gitala yamagetsi. Zipangizo zawo zinkagona pansanja, ndipo ine ndinkazipukuta fumbi. Panali gitalayo, panali ampulifaya, bokosi lalikulu lokweza mawu lokhala ndi mabatani ozungulira pamwamba, ndiye pakati pa ziwirizo, pansi, panali kabokosi kachitsulo kongokwana m'manja awiri. Waya wina unkachoka ku gitala kulowa m'kabokosiko, wina n'kutuluka kupita ku ampulifaya, wachitatu kupita kukhoma. Kanali ndi popondera phazi ndi mabatani awiri, lina la liwiro, lina la kukula kwa kanjenjemeredwe.

A Makwinja akaponda, mawu a gitala ankayamba kunjenjemera. Sikuti nyimbo inkasintha ayi, koma liwu lomwelo linkabwera n'kubwerera, kubwera n'kubwerera, ngati munthu akutsegula ndi kutseka chitseko mwachangu m'nyumba muli kuimbidwa nyimbo. Iwo ankati dzina lake ndi tiremolo. Anthu a kumalaini anangokatcha kabokosi ka malungo. A Makwinja sankaponda nyimbo yonse. Ankadikira pamene woimba wapuma, n'kukhwatcha nsambo zonse kamodzi, kuponda, n'kusiya liwulo lizinjenjemera lokha mpaka litazilala. Pamenepo amayi ankalulutira. Ine ndinkamvera ndili kuseri kwa chitseko cha sitolo yosungiramo katundu wa holo, ndikugwedeza Joyisi.

Tsiku lovuta linali la ukwati wa mwana wa mchemwali wawo wa a Chikopa. Iwo monga amalume anali atalonjeza kwa akuchimuna a ku Goliati kuti adzamva gitala ya malungo, ndipo mbiri inali itafika mpaka ku Thekerani. Lachisanu kunagwa mvula yamphepo. Loweruka m'mawa nditatsegula holo ndinapeza zenera la pansanja litatseguka, madzi ali thapwithapwi pamatabwa. Gitala inali m'chikwama, ampulifaya itafunditsidwa saka. Koma kabokosi kaja kanali m'madzi.

Ndinazula pulagi monga anandiuzira. Ndinakapukuta. Pokanyamula ndinamva kuti m'kati mukukhuvuka timadzi. Ndinati mvula yalowa, ndipo a Makwinja akakaponda magetsi awagwira, afa pamaso pa akwati.

Pansi pake panali chivundikiro chogwidwa ndi sikuluwu imodzi yokha, yosalimba. Ndinaimasula ndi nsonga ya mpeni. M'katimo ndinapeza kainjini kakang'ono ndi kabotolo kachitsulo kotalika ngati chala changa chachikulu, kotsekedwa ndi labala wong'aluka pang'ono. Madziwo ankamveka m'menemo. Ndinaganiza kuti alowera pong'alukapo. Ndinazula labala uja, kukhuthulira timadzito pakhonde, n'kukayanika kabokosiko padzuwa pamwala wochapira. Kataumiratu ndinatseka bwinobwino n'kukabwezera pamalo pake. Kunena zowona ndinasangalala. Ndinkadziwona ngati munthu wopulumutsa moyo mwakachetechete.

A Makwinja anafika akwati akadali kutchalitchi. Analumikiza mawaya, kuyatsa ampulifaya, kudikira kuti itenthe, kukonza nsambo. Kenako anakhwatcha n'kuponda. Kainjini kanamveka kakulira, koma liwu linatuluka lowongoka ngati la belu. Anapotoza batani la liwiro. Anapotoza linzake mpaka pamapeto. Palibe.

"Hee! Gitala yachira malungo!" anakuwa mkulu wina amene ankanyamula mabenchi. "Mwaimwetsa kwinini, a Makwinja?"

Anthu anaseka, koma a Chikopa sanaseke. Anakwera pansanja atavala jekete ya ukwati, thukuta lili kamukamu.

"Musandichititse manyazi lero, a Makwinja. Anthu ayenda kuchokera ku Goliati."

A Makwinja anazula pulagi, kunyamula kabokosi n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Anakagwedezanso. Kenako anati, "Kauma. Lachitatu ndinathiramo ndekha."

"Ndiye munathira bwanji? Kapena munathira kukhosi kwanu?" anatero a Chikopa.

Ine ndinali pakhomo la sitolo, tsache m'manja. Mawu akuti ndinathiramo ndekha atandifika, ndinazindikira kuti ndinataya madzi awo. Palibe amene anandiwona m'mawa muja. Ndikanatha kukhala chete, ndipo kukhala chete ndiyo inali ntchito imene ndinkaidziwa bwino kuposa zonse. Ndinaganiza za kachipinda kosadontha kaja, ndinaganiza za dengu ndi mame, ndi Joyisi akutsokomola. Koma a Makwinja anali chiimire, akunyozedwa za mowa pamaso pa anzawo, munthu amene sankamwa n'komwe.

Ndinapita n'kugwada m'munsi mwa nsanja. Mawu anatuluka ang'ono moti a Chikopa anati ndibwereze.

"Ndine, a kapitawo. Ndinayesa ndi mvula. Ndinataya."

"Unataya! Anakutuma ndani?"

Ndinalephera kunena kuti ndi lamulo lawo lomwe. Ndinangoti, "Ndinkaopa kuti magetsi awagwira."

"Ukwati ukatha ukatulutse katundu wako kumalaini," anatero. "Munthu wosafunsa ndilibe naye ntchito."

A Makwinja anakhala pansi m'mphepete mwa nsanja, kabokosi pamiyendo, n'kutsegula chivundikiro kuti ndiwone. Sanakweze mawu. "Amake Joyisi, madzi ajawa ndi ake. Kainjinika kamagwedeza kabotolo. M'katimo muli kasingano. Madzi akakakhudza amaba mawu, akachokapo mawu amabwerera. Kunjenjemera konse kuja n'kumeneko basi."

A Chikopa anati athiremo a pampopi. A Makwinja anakana. Anati iwo amasakaniza madzi oyera a m'mabatire ndi mankhwala otsukira magalasi, ndipo botolo lake linali m'shopu yokonzera makina ku fakitale, yokhoma, makiyi ali ndi mzungu amene anapita ku Limbe. Wina anati bwanji madzi amchere. "Amenewo angaimbe lero, mawa kasingano kadyeka," anatero a Makwinja. "Kena ndikakapeza kuti?"

Kunja nthungululu zinayamba kumveka kumsewu wa kutchalitchi.

Pamenepo a Makwinja anayang'ana ampulifaya, n'kuyang'ana ine. Anagwira batani lokweza mawu, kulipotoza uku ndi uku ndi dzanja limodzi, lina likukhwatcha nsambo. Liwu linanjenjemera pang'ono, mopunduka.

"Ntchito ya madzi aja ndi imeneyi, kukweza ndi kutsitsa. Koma manja ndili nawo awiri, onse ndi a gitala. Amake Joyisi, kwerani kuno."

Ndinati sindingathe. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo kutsogolo kwa anthu, ngakhale kuwerenga vesi ku Sande sukulu ndinkathawa.

"Munakhuthula ndinu," anatero akumwetulira. "Lero madzi ndinu."

Anandikhazika pa kabenchi pambali pa ampulifaya. Anatenga choko n'kulemba timizere tiwiri pafupi ndi batanilo. "Musapitirire apa, mugonthetsa anthu. Musatsike kupyola apa, nyimbo ifa. Muziyang'ana phazi langa. Ndikaponda pansi yambani, ndikadzutsa siyani batani pamzere wapamwamba." Tinayesa. Zimene zinatuluka zinali ngati galu wotsamwidwa. Woimba ng'oma anabisa nkhope m'chipewa.

Joyisi anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira. Ndinayamba kumugwedeza monga mwa masiku onse, thupi likupita kutsogolo ndi kumbuyo, dzanja likadali pabatani.

"Imeneyo!" anatero a Makwinja. "Musawerenge. Dzanja litsate mwanayo."

Akwati analowa, holo inadzaza mpaka m'mawindo. Sindinakweze maso ngakhale kamodzi. Ukwati wonse umene uja ine ndinauwona pa nsapato imodzi yakuda ya a Makwinja, yong'ambika pachala chaching'ono. Nyimbo ziwiri zoyamba anaimba zothamanga, osaponda. Yachitatu inali yodekha, yoti akwati avine okha. Woimba atapuma, nsapato ija inatsika. Ndinagwedeza mwana, dzanja n'kutsata. Liwu linatuluka m'bokosimo likubwera ndi kubwerera, mochedwerapo kuposa mmene kabokosi kankachitira, mozama, ngati kupuma kwa munthu amene wagona tulo tabwino. Kenako mayi wina kumbuyo analulutira, ena n'kulandira.

"Malungo abwerera!" anakuwa mkulu wa mabenchi uja. "Koma lero agwira ndi wosesa yemwe!"

Ndinalakwitsa kangapo. Kamodzi ndinapyola mzere, bokosi linakuwa, agogo ena anagwira makutu. Kamodzi ndinaiwala kusiya phazi litadzuka, a Makwinja n'kundigunda pang'ono ndi chidendene pabenchi. Batani linkatentha, ndipo pofika nyimbo yachisanu chala chachikulu chinali chitatuluka thuza. Ndinasinthira dzanja lamanzere. Joyisi anagona nyimbo zonsezo, tsaya lili pamsana panga.

Dzuwa litapendeka anthu anatuluka kukadya. Ndinatsika n'kutenga tsache, chifukwa sindinkadziwa china chochita. Ndikusesa ndinamva mkulu wa akuchimuna akuuza a Chikopa kuti gitala yonjenjemera anaimvapo ku Limbe, koma yokhala ndi munthu wakewake woinjenjemeretsa anali asanaiwone. A Chikopa anayankha kuti pa esiteti pano zinthu timachita mwadongosolo. Alendo atachoka anabwera pamene ndinali, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana zenera lija.

"Zenerali ndani anasiya chosatseka?"

"Chokowera chake chinathyoka, a kapitawo. Ndi mwezi tsopano."

"Bwanji sunanene?"

Iwo anapukusa mutu. "Lolemba ubwere. Koma pakamwapo uzitsegula, wamva? Tsache lokha silikwana."

Lolemba masana a Makwinja anabwera ndi botolo lawo ndi kachubu kagalasi. Anandiwonetsa kathiridwe kake: timadontho, mpaka theka la kabotolo, osadzaza, chifukwa kakadzaza madzi sachoka pa kasingano ndipo mawu amangotsika osabwerera. Anaika labala watsopano. Kenako anandipatsa ntchito imene sinali m'buku la a Chikopa, yoti Lachisanu lililonse ndizigwedeza kabokosiko pakhutu, ndipo ndikamva kuti madzi achepa ndizipita ku fakitale kukawauza ndi pakamwa panga. Ulendo woyamba ndinaima pageti nthawi yaitali ndisanalimbe mtima kuuza mlonda amene ndikufuna. Wachiwiri sindinaime.

M'holomo ndinagwira zaka zinayi, ndipo Joyisi anaphunzirira kuyenda pa simenti yofiira ija. Pabatani sindinakhalenso, kupatula kamodzi pamene akwati ena anachita kupempha kuti akufuna malungo a pamanja. Chimene ndinatengapo n'chaching'ono, koma chandisunga m'nyumba zonse zimene ndagwiramo ntchito kuchokera pamenepo. Ndikapeza chinthu cha mwini chili ndi zimene sindikuzimvetsa, manja ndimaika kumbuyo, n'kupita kukamufuna mwiniyo, ngakhale mawu atuluke onjenjemera: "Pepani, madzi ali umuwa, ndi ake kapena ndi a mvula?"