Nsidze za Mbewa Yowaula

Ndikukumbukira chaka chomwe sukulu inayamba kukhala yaulere, chifukwa ndi chaka chomwe ndinadana kwambiri ndi nkhope yanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala kuseri kwa msika wa Mitundu, ine ndi amayi, ndipo amayiwo ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsikapo. Nkhope yangayo inalibe vuto lina: maso awiri, mphuno pamalo pake, mano oyera bwino. Koma pamwamba pa maso, pomwe anzanga anali ndi nsidze, ine panali timatsitsi tofiirira towerengeka, tongooneka munthu akayandikira ngati akufuna kundichotsa kachitsotso m'diso.

Anzanga akale a m'kalasi anali atandizolowera. Koma chaka chimenecho ana anakhamukira kusukulu, ena oti ndevu zayamba kale kumera, mpaka tinkaphunzirira pansi pa mtengo. Mmodzi mwa obwera kumenewo, mtsikana wamwano wochokera cha ku Malingunde, anandiyang'ana tsiku loyamba lomwelo n'kufunsa anzake ngati ndinagwera pamoto ndili khanda. Asanamuyankhe anali atandipatsa kale dzina: Mbewa Yowaula. Amene munawaulapo mbewa mukudziwa mmene imaonekera ubweya ukapsa. Dzinalo linandikanirira ngati chisoso pachitenje. Ena ankanong'onezana kuti nsidze zimathothoka ndi khate, ndipo anasiya kupisa dzanja m'thumba langa la chimanga chokazinga.

Palibe chomwe sindinayese. Mayi wina wogulitsa nyemba pafupi ndi amayi anandiuza za mafuta a nsatsi. Ndinapaka mpaka chipumi chinkangonyezimira, fumbi lonse la pamsika n'kumamatirira pomwepo, koma osamera kanthu. Wina anati ukameta ndi lezala zimamera zambiri. Ndinameta. Abale inu, timatsitsi tija tinachita kunyanyala, ndipo tinabwerera mochedwa tili tochepa chomwecho. Chomwe chinandithandizako ndi makala. Pakhomo pathu pankadutsa anthu a njinga ochokera ku Dzalanyama atasenza matumba, ndiye ndinkatola tomwe tagwa. Ndinaphunzira kusankha kakhala kolimba, kukanola pamwala, n'kujambula timizere tiwiri ndikudziyang'ana pakachidutswa ka galasi. Ndinkajambula ndikachoka pakhomo n'kufufuta ndisanabwerere, chifukwa amayi sankafuna n'komwe kuziona. Ndikawadandaulira ankangoti ndizisiye nsidzezo mmene zilili, kenako n'kuyang'ana kumbali n'kuyamba kusanja tomato yemwe anali atasanja kale. Mumtima ndinkati amayiwa alibe chisoni, poti iwo nsidze anali nazo zakuda bii.

Bambo anga sindinawaone. Dzina lawo linali Laisoni, kwawo kunali mudzi wina cha ku Nathenje, ndipo ku Mitundu anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Anadwala n'kumwalira amayi atangotenga kumene pathupi pa ine, ankhoswe asanakumane n'komwe. Abale awo anadzatenga maliro, ndipo amayi atawauza za mimbayo, mlongo wawo wa bambo anayankha kuti malemu sanatchulepo za mkazi aliyense. Zinathera pomwepo. Chithunzi chawo panalibe, ndipo ndikawafunsa amayi za bambo, ankandituma kukatunga madzi. Anzanga akuluakulu ankawaitana Naphiri, Nabanda, kutengera chiwongo cha bambo awo. Ine ndinali Tereza basi, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa dzina la mbewa lija.

Nyengo yotentha ya chaka cha sukulu yaulere chija, mayi wina wodzagula anyezi wopikulitsa anauza amayi kuti ku Nathenje akumanga chiliza pamanda a Laisoni, ndipo Loweruka abale onse akasonkhana. Amalume atamva kuti amayi akufuna kupita nane, anakana kwamtuwagalu. Anati anthu amene anakana mwana ali m'mimba sangamulandire atakula, ndipo tikangochitako manyazi. Amayi sanakweze mawu. Anangoti ngakhale akatithamangitse, mwanayu aone pomwe bambo ake anagona. Ine ndinkafuna zoposa pamenepo. Ndinkafuna kuti anthu amenewo akandione n'kunena kuti ndine wawo.

Tinakwera matola mpaka m'tauni, kenako minibasi ya ku Nathenje, n'kumaliza ulendowo wapansi dzuwa likuswa mtengo. Kumudziko tinamva fungo la thobwa tisanaone nyumba. Amayi anandisiya pansi pa mtengo wa mango kumayambiriro kwa mudzi, nati ndidikire mpaka andiitane, iwo akayambe alankhula ndi mlongo wa bambo uja.

Ndili ndekha pamenepo, mantha anandigwira. Ndinadzifunsa kuti kodi ndani angafune mwana wooneka ngati mbewa yowaula, makamaka pa tsiku loti alendo adzaza mudzi. M'thumba la diresi munali kakhala kanga ndi kagalasi kaja, poti sindinkayenda popanda zimenezi. Ndinajambula mosamala kuposa masiku onse. Ndinabwereza, n'kubwerezanso, mpaka nsidze zinatuluka zakuda, zonenepa, zopindika bwino ngati za aphunzitsi athu aakazi omwe ankagula pensulo yake m'tauni. Nditadziyang'ana ndinasangalala. Ndinati tsopano ndikuoneka ngati mwana wa munthu.

Mtsikana wina anabwera kudzanditenga. Ndinayenda nditazyolika mpaka pakhonde la nyumba ina pomwe panali anthu ambiri, ndipo ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, maso pansi. Mwana waulemu sayang'ana akuluakulu m'maso, choncho zomwe ndinaona ndi mapazi okhaokha. Amayi anali atakhala pansi penipeni, pambali pa mphasa, ndipo ndinadziwa kuti palibe amene wawauza kuti akhale pamphasapo. Mawu a mayi wachikulire anandiuza kuti ndidzutse nkhope andione. Ndinaidzutsa, koma maso anga anatsalira pa mapatapata awo. Ndinamva amayi akupumira m'mwamba, n'kutchula dzina langa chapansipansi.

Kenako mayi wachikulire uja analankhula, osati mokalipa ayi, koma ngati munthu amene watopa ndi nkhaniyo.

"Mayi, mwana wanu ndi wokongola, koma si wathu. Taonani nsidzezo. Kwathu kuno munthu sabadwa ndi nsidze zotero."

Apa ndinaiwala ulemu wonse n'kuwayang'ana. Mayiwo pamwamba pa maso panali see, timatsitsi tofiirira towerengeka basi. Bambo wachikulire yemwe anakhala pampando kumbuyo kwawo, chimodzimodzi. Mtsikana yemwe anadzanditenga uja, chimodzimodzinso. Khonde lonse linali lodzaza ndi nkhope yanga, ndipo ine ndekha ndi amene ndinabwera ndi nkhope yobwereka.

Amayi anasendera pafupi nane. Anandikoka pamkono, nanyowetsa nsonga ya chitenje chawo ndi malovu, nandigwira chibwano, n'kuyamba kupukuta. Sanapukute mwachifundo ayi. Anakhula ngati akutsuka mphika, ndipo makala osakanikirana ndi thukuta anayenderera mpaka m'masaya. Atamaliza ananditembenuzira kwa mayi aja.

"Tayang'ananinso," anatero.

Mayi aja anatsika pakhonde, nagwada patsogolo panga, munthu wamkulu kugwadira mwana. Anapukuta makala otsala ndi chala chawo chachikulu, pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo. Chalacho chinali chokhakhala, chonunkhira utsi. Anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kuchita manyazi.

"Mayo ine, Laisoni mlongo wanga," anatero, n'kundikumbatira.

Analira, amayi nawonso analira, ndipo ine ndinalira chifukwa choti chipumi chinkawawa. Misozi itachepa anandifunsa chomwe ndinadzidetsera kumaso chonchi. Ndinawauza zonse, za nsatsi, za lezala, mpaka dzina lomwe ankanditchula kusukulu. Ndisanamalize, bambo wachikulire wa pampando uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati dzina limenelo si lachilendo, iwonso anakula nalo, chifukwa banja lonselo ndi la a Mbewe, ndipo midzi yoyandikana nayo inayamba kalekale kuwaseka kuti a Mbewe akuno anabadwa owaulawaula. Khonde lonse linafa nalo phwete. Mayi aja anandigwira dzanja n'kundiuza kuti iwo ndi atate anga aakazi, ndipo ine ndine Nambewe. Kenako anatembenukira kwa amayi, osatha kuwayang'ana bwinobwino.

"Alamu, pansipo si pamalo panu. Khalani pamphasa."

Kumanda anandiimika kutsogolo, pakati pa abale. Simenti ya chilizacho inali ikadali yakuda chifukwa cha chinyezi, ndipo dzina la bambo analilemba ndi msomali, zilembo zake zopendekeka. Ndinaliwerenga mumtima kangapo. Anthu akuimba, atate aakazi sanasiye dzanja langa, ndipo aliyense wofunsa kuti mwanayu ndi wa ndani ankangomuuza kuti ayang'ane yekha.

Pobwerera, titakhala pa matumba a chimanga kumbuyo kwa matola, ndinawafunsa amayi chifukwa chomwe sanandiuzire zaka zonsezo kuti nsidzezi ndi za bambo. Anayang'ana kumbali monga mwa chizolowezi chawo, koma tsiku limenelo panalibe tomato woti asanje.

"Ndikanayamba bwanji?" anatero. "M'mawa uliwonse ukadzuka ndimamuona. Ukapaka makala ako aja umandibisira munthu."

Lolemba kusukulu dzina la mbewa linali likundidikirabe, ndipo sindinganame kuti linasiya kupweteka tsiku lomwelo. Koma mtsikana wa ku Malingunde uja atandiitana nalo, ndinamuuza kuti watsala pang'ono kukhoza, angosintha chilembo chimodzi. Anangoti kukamwa yasa, osamva chomwe ndikutanthauza, ndipo sindinavutike kumufotokozera.

Lero amayi anapita, atate aakazi nawonso anapita. Ndili ndi mwana wamkazi yemwe anatengera nsidze zomwezi, ndipo iye ali ndi mapensulo ake enieni, amitundumitundu. Sindimuletsa, nkhope ndi yake, ndipo amajambula bwino kuposa mmene ndinkachitira ine ndi makala a ku Dzalanyama. Ndimangomuuza kuti tsiku lopita ku Nathenje asambe kumaso kaye, angakamukane pakhonde. Iye amaseka. Koma ine ndinamvetsa mochedwa kuti chinthu chomwe ndinkachita nacho manyazi ndi chokhacho chomwe bambo anakwanitsa kundisiyira. Sanandisiyire munda, nyumba, ngakhale chithunzi. Ndikafuna kuwaona, ndimasamba kumaso n'kuima pagalasi.