Mzere Umene Unakana Kuwongoka

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa chithunzi, osati m'thupi. Linali Loweruka masana, pakati pa mwezi wa Juni chaka cha 2021, ndili pa tebulo lodyera kunyumba kwathu ku Maddington, laputopu ili patsogolo panga. M'mawa wa tsikulo ndinajambula mtsinje wa Canning nkhungu isanachoke, ndipo ndinkakonza zithunzizo monga ndinkachitira sabata iliyonse. Pa chithunzi china panali mzere wa gombe la kutsidya, wodutsa kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Ndinatsinzina diso la kumanzere kuti ndione ngati mzerewo wakhala bwino, monga ndinazolowera, ndipo unaoneka wopindika pakati penipeni, ngati munthu watsina pepala ndi zala ziwiri. Ndinapendeketsa chithunzicho pang'ono uku, kenako uku. Kupindikako sikunachoke. Ndinaganiza kuti galasi la kamera linanyowa ndi nkhungu, ndipo chithunzicho ndinachifufuta.

Panthawiyo ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Ndine namwino pa nyumba ina yosamalira okalamba, ndipo zojambulajambula ndinaziyamba chifukwa cha ntchito yomweyo. Mliri wa korona utayamba, maulendo opita nawo okalamba kukaona malo anaimitsidwa, ndipo nthawi zina ngakhale achibale awo sankaloledwa kulowa. Ndinayamba kujambula zakunja pa masiku anga opuma, n'kumatsukitsa zithunzi zinayi kapena zisanu, n'kuzimata pa khoma la chipinda chodyera. Nyengo yozizira ndiyo inkandipatsa zithunzi zabwino. Kuno mvula imagwa nyengo imeneyi, ndipo ikagwa udzu wouma uja umabiriwira, mathithi a ku Lesmurdie amadzaza, ndipo m'mawa nkhungu imagona pakati pa mitengo ya bulugamu.

Amene anandiphunzitsa kukonza zithunzi ndi mmodzi mwa okalambawo, amene pano ndiwatchula kuti a Len. Pa unyamata wawo ankajambulira nyuzipepala ya alimi. Ankatenga mapepala awiri oyera n'kuphimba m'mbali mwa chithunzi changa, akusuntha pang'onopang'ono mpaka patsale chokhacho chofunika. Anandiphunzitsa kuti mtengo usamaime pakati penipeni, kuti thambo likakhala loyera lopanda kanthu ndizilidula, ndiponso kuti msewu kapena mtsinje uzilowa kuchokera pakona kuti uzikoka diso la woonayo. Koma chimene sankachilekerera n'komwe ndi mzere wopendekeka pamene dziko lakumana ndi thambo. Ankati madzi sagona chopendekeka.

Sabata yotsatira kupindika kuja kunabweranso pa chithunzi china, cha mpanda wa munda wa mphesa ku Bickley. Ndinapukuta sikirini. Ndinapukuta magalasi anga. Ndikayang'ana ndi maso onse awiri zonse zinkaoneka bwino, choncho ndinangosiya chizolowezi chotsinzina diso limodzi chija. Kumapeto kwa mweziwo boma linalamula kuti aliyense akhale pakhomo kwa masiku angapo, ndipo ndinadziuza kuti si nthawi yovutitsa achipatala ndi nkhani ya magalasi. Lamulolo litatha ndinapezanso chifukwa china: kuntchito tinali ochepa, ndipo ndinkagwira mashifiti owonjezera. Diso silinkapweteka, silinafiire, silinkatuluka misozi. Amuna anga sindinawauze. Zinakhala choncho kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndine munthu amene tsiku lililonse ndimauza ena kuti asamabise zizindikiro.

Chimene chinandidzidzimutsa chinachitika kuntchito kumapeto kwa Julayi. Ndinkagawa mankhwala a m'mawa nditavala masiki, ndipo mpweya wanga unachititsa nthunzi pa galasi la kumanzere. Kwa kanthawi ndinatsala ndi diso la kumanja lokha. Pa pepala la mankhwala panali nambala ya manambala atatu, koma ine ndinaona awiri okha. Yapakati inasowa, pamalo pake panali kadontho kotuwa. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawerenganso ndi maso onse awiri, nambala ija inabwerera. Palibe amene analandira mankhwala olakwika, koma ndinaitana mnzanga kuti amalize kugawako, ndipo ndinakauza otiyang'anira zimene zachitika.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa oyeza maso pafupi ndi kwathu. Mayi amene anandiyeza anandipatsa kapepala ka mizere yopingasana, kokhala ndi kadontho kakuda pakati, n'kundiuza kuti ndiphimbe diso limodzi. Ndi la kumanzere mizere inali yowongoka. Ndi la kumanja inkakokedwera pakati, ndipo kadontho kaja sindinakaone. Anandidontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso, ndinadikira theka la ola, kenako anandijambula mkati mwa diso ndi makina. Anandionetsa chithunzicho pa kompyuta. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kamene kamalandira kuwala, ndipo pakati pake, pamalo amene timaonera zilembo ndi nkhope za anthu, panali kampata. Anati: “Mayi, apa pabooka kabowo. Magalasi atsopano sangathandize. Ndikulembera dokotala wa maso lero lomwe.”

Dokotalayo ndinaonana naye patatha sabata imodzi, kuchipatala china ku Murdoch. Pakhomo anatiyeza kutentha kwa thupi, anatifunsa ngati tili ndi chifuwa kapena ngati tayenda kunja kwa dera lino, ndipo mipando ya m'chipinda chodikirira inali yotalikirana. Ndinadikira maola awiri. Dokotala anafotokoza kuti mkati mwa diso muli madzi olimba ngati phala, amene munthu akamakula amafota n'kusiyana ndi kachikopa kaja, ndipo kwa ena, makamaka amayi a msinkhu wanga, amakoka mpaka kung'amba pakati. Sikuti ndinalakwitsa kanthu, ndipo si laputopu imene inachititsa. Kenako anandifunsa kuti ndinayamba liti kuona zopindika. Nditamuuza, analemba, kenako anati: “Tingathe kukatseka. Koma kabowo kakakhalitsa, kuona sikubwerera konse. Tisadikirenso.”

Madzulo ake ndinawafotokozera amuna anga zonse, kuyambira pa chithunzi cha mtsinje chija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anangofunsa funso limodzi: “Amake Tadala, milungu yonseyi tikudyera mbale imodzi, osandiuza?” M'mawa mwake anakapempha tchuthi ku nyumba yosungira katundu ku Kenwick kumene amagwira ntchito.

Opareshoni inachitika Lachiwiri, pakati pa Ogasiti. Ndinauzidwa kuti ndisadye kuyambira m'mawa. Amuna anga anandisiya pakhomo chifukwa operekeza sankaloledwa kudikira mkati. Namwino anandifunsa dzina ndi tsiku lobadwa katatu pa malo atatu osiyana, ndipo analemba chizindikiro ndi cholembera pamwamba pa nsidze ya kumanja. Sanandigoneke tulo. Anachititsa dzanzi diso lokhalo, n'kundipatsa mankhwala oti mtima ukhale pansi. Ndinkamva madokotala akulankhulana motsitsa mawu, ndipo ndinkaona timithunzi tikuyenda ngati tinsomba m'madzi akuda. Ululu sindinaumve. Anachotsa madzi olimba aja, n'kuika mpweya m'malo mwake kuti ukanikize kabowoko mpaka katsekeke. Zonse zinatenga pafupifupi ola limodzi. Ndisanatuluke anandimanga kalamba pa mkono kosonyeza kuti m'diso mwanga muli mpweya, ndipo anandiletsa kukwera ndege mpaka mpweyawo utatha. Malire a dziko anali otseka kale chifukwa cha mliri uja, kotero lamulo limenelo silinandivute.

Chovuta chinali cha kunyumba. Kuti mpweya uja uzikankha pamalo oyenera, ndinayenera kukhala choweramitsa nkhope pansi kwa masiku asanu, n'kumapuma mphindi khumi zokha pa ola lililonse. Tinabwereka mpando wokhala ndi khushoni yobooka pakati yoikapo nkhope. Tiyi ndinkamwera pa kapaipi. Pogona ndinkagona chafufumimba. Mankhwala odontheza anali a mitundu itatu, kanayi pa tsiku, ndipo amuna anga anajambula tebulo pa pepala n'kumachonga. Tsiku lachiwiri khosi ndi msana zinayamba kuwawa kuposa diso. Tsiku lachitatu ndinalira, osati chifukwa cha ululu, koma kutopa ndi kuyang'ana kapeti yomweyo. Amayi a kumpingo kwathu ku Mirrabooka ankabwera mosinthana ndi chakudya, ndipo ndinkawazindikira ndi nsapato zawo.

Tsiku lachinayi amuna anga anatenga kamera yanga n'kupita kumapiri, ati khoma la okalamba lisakhale ndi zithunzi zakale. Anali asanajambulepo chiyambire. Atabwera anaika laputopu pansi pa mpando wanga uja, iwo n'kukhala pa kapeti. Zithunzi zawo zinali ndi thambo lalikulu, mitengo ya maluwa achikasu ili pansi penipeni ngati yaiwalika, ndipo pa china panalowa bini ya zinyalala pakona. Ndinkaona ndi diso la kumanzere n'kumawalangiza.

“Dulani kumwambako. Tsitsani. Tsitsaninso.”

“Ndiye thambo lonse lithetu.”

“Mulibe kanthu m'thambomo. Tsopano kokerani kumanzere, bini ichoke, kanjirako kayambire pakona.”

Anakoka, anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati: “Komadi. Tsopano zikuoneka ngati munthu angayendemo.” Tinakonza zithunzi zitatu masana amenewo, ndipo ola limene ndinkaliwerenga mphindi ndi mphindi linadutsa osaliona.

Kwa milungu iwiri yoyamba diso la kumanja linkangoona kuwala ndi mdima, ngati ndikuyang'ana kudzera m'botolo la madzi. Kenako pamwamba panayamba kuyera, ndipo pakati pa zimene ndinkaona panadutsa mzere wakuda wogwedezeka ndikasuntha mutu. Namwino anandiuza pa foni kuti ndiwo malire a mpweya uja, ndipo uzitsika tsiku ndi tsiku. Unatsikadi. Pofika kumapeto kwa Seputembala unasanduka kampira kakang'ono pansi pa diso, kenako timikanda tiwiri, ndipo tsiku lina m'mawa ndinadzuka kulibe. Atandijambulanso mkati mwa diso, dokotala anaika zithunzi ziwiri pamodzi, chakale ndi chatsopano. Anati: “Katsekeka. Kuona kuziwonjezeka pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, koma musayembekezere kuti kufanana ndi diso linalo.”

Ndinabwerera kuntchito mu Okutobala, poyamba masiku awiri pa sabata. Ndinapeza zithunzi za amuna anga zili pa khoma. A Len anali atazipenda kale, ndipo anati wojambulayo ali ndi tsogolo akasiya kuopa kuyandikira. Nditawafotokozera za matenda anga, anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa ngakhale chinali m'faelo yawo: diso lawo limodzi linasiya kuona pakati zaka zambiri zapitazo, ndipo linayamba ndi mizere yopindika. Anati ndikanawauza tsiku loyamba lija, akanandithamangitsira kwa dokotala tsiku lomwelo.

Chaka chotsatira diso lomwelo linachita ng'ala, monga anandichenjezera kuti zimachitika pambuyo pa opareshoni yotere, ndipo anaichotsa mu Meyi popanda vuto. Lero ndimagwira ntchito masiku onse, ndimayendetsa galimoto, ndipo ndimawerenga mapepala a mankhwala bwinobwino. Ndi diso la kumanja lokha ndimawerenga zilembo zazikulu ndi zapakati, koma zing'onozing'ono zimandivuta, ndipo zinthu zowongoka zimaonekabe zokhota pang'ono pakati. Zimenezo sizidzatha. Dokotala sananene kuti milungu isanu ndi umodzi ija ndiyo inachititsa, ndipo ine sindingadziwe. Ndimapita kukayezetsa maso onse awiri chaka chilichonse. Nyengo yozizira ikafika ndimajambulabe.

Chimene ndingauze aliyense ndi ichi. Diso labwino limabisa vuto la linzake, moti munthu angathe kukhala miyezi osadziwa kuti akuona ndi diso limodzi. Kamodzi pa sabata phimbani diso limodzi ndi dzanja, muyang'ane felemu la chitseko kapena zilembo za pa kalendala, kenako musinthe. Mukaona kupindika, kadontho kotuwa, kapena malo osowa pakati, pitani kwa oyeza maso sabata yomweyo. Musadikire ululu, chifukwa matenda amenewa sapweteka. Ndipo uzani munthu wa m'nyumba mwanu.

Ndinanena mawu omwewa kwa amayi anzanga tikumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lina. Onse anaphimba diso n'kuyang'ana chitseko cha holo, ena akuseka. Mayi mmodzi wachikulire, amene amalera zidzukulu zake ku Mirrabooka komweko, sanaseke. Lachiwiri m'mawa anandiimbira foni. Anati: “Amake Tadala, kuja munapita kuja, kodi amafuna kalata ya dokotala?” Ndinawauza kuti safuna, ndipo kuti avale akonzeke. Ndinakawatenga pa galimoto nthawi ya teni koloko.