Mayi Anastazia ndi Dzanja Lothira Mchere

Akhristu anzanga, ambiri a inu munawadziwa Mayi Anastazia Naphiri ali kale ndi imvi, atakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, korona ili m'manja, akuyimba mokweza kuposa kwaya ngakhale nyimboyo inkawathawa. Ine ndinakulira nawo mudzi umodzi kuno ku Kabwazi, tinalowera limodzi m'gulu la Legio, ndipo Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wawo sindinawiringule.

Anabadwira m'banja la alimi a kachewere. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga katekisimu, ndipo anabatizidwa ali mtsikana, atate awo, munthu wa kudambwe, asakufuna. Anakwatiwa ndi a Gervazio a ku Mayani, amene anadzakhala chikamwini m'mudzi mwathu. Mwa ana onse amene anabereka, amene anakula ndi Timoteyo yekha.

A Gervazio anakhalitsa kumigodi ku Joni. Pobwerako anatenga njinga, wailesi, chijasi cholemera, ndi chifuwa. Poyamba tinkati n'chisanu, pakuti Juni wa ku Dedza salemekeza munthu. Juni anapita, chifuwa chinatsala. Anawonda, ankadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, kenaka magazi anayamba kuoneka pakansalu kawo.

Achinyamata mwina simudziwa za mdulo. Makolo ankati mkazi wozembera mwamuna wake akathira mchere m'ndiwo, mwamunayo amadulika pachifuwa, ndipo sachira mpaka mkaziyo ataulula. Choncho abale a a Gervazio anafika kuchokera ku Mayani, mlongo wawo ali patsogolo.

"Alamu, tiuzeni dzina la mwamunayo," anatero mlongoyo pabwalo, anthu akumva. "Munthu wakhala pansi pa nthaka zaka zonsezi ali gwa, adzadwale atadya ndiwo zanu?"

"Ndilibe dzina loti ndikupatseni, alamu," anayankha Mayi Anastazia. "Ndikapeka dzina ndinamiza Mulungu, ndipo mlongo wanuyo sachirabe. Tiyeni nawo kuchipatala."

Sanawamvere. Anakweza wodwalayo pangolo kupita naye kwawo kukamwa zitsamba, mkazi wake n'kumuletsa kupondako. A Gervazio anamwalira konko, asanaonanenso ndi mayiwa.

Chilango chenicheni chinabwera pambuyo pake, ndipo chinalibe phokoso. Pamaliro, paukwati, ngakhale pachikondwerero cha mpingo, akangoyandikira mphika ndi mchere, mayi wina ankawagwira dzanja n'kunena mokoma kuti, "Pumulani, Anaphiri, tithira ife." Zaka zinapita zambiri zili choncho. Iwo ankangonyamula ndowa kulowera kuchitsime. Ine magazi ankandiwira, ndipo tsiku lina ndinawafunsa chimene ankakhalira chete. Anati, "Madzi nawonso amafuna munthu, mnzanga."

Chifuwa chachikulu tinkayesa chinatha ndi amigodi aja. Zaka zapitazi chabweranso, ndipo chabwera ndi ukali. Lamulungu ulaliki sumveka chifukwa cha kutsokomola. Kuchipatala odwala akugona pansi, ena kunsi kwa mabedi. Anthu akunong'onezana kuti chikuyenda ndi nthenda ina yachilendo, koma zotere sitinenera pamsika, nanunso mukudziwa. Mayi Anastazia anayamba kulowa m'nyumba zimene ena ankangoperekera moni ali pabwalo. Ankachapa, kusambitsa, kumwetsa phala, ndipo mawu amene anamva kwa asisitere a kuchipatala ankawabwereza paliponse: "Chifuwachi sichili mumchere, chili mumpweya. Tsegulani zenera, mawa tilawirire kuchipatala."

Kenaka chinagwira Timoteyo, amene anakwatira Jesinta ku Kaphuka. A Alufeo, mlongo wawo wa Mayi Anastazia ndiponso malume a mnyamatayo, anasonkhanitsa abale kuti akamufunse Jesinta za mdulo. "Mlongo, mwana ndi mmodzi yemweyu," anatero. "Ukamunyengerera mkazi uja, mwanayo umuika m'manda wekha." Mayiwa anamanga mpango, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze, ndipo tinanyamuka limodzi ndi a Alufeo. Njira yonse mtima wanga unali m'mwamba, pakuti mayi amene mwana wake akufa sudziwa chimene angachite.

Tinapeza Timoteyo atagona pamphasa pakhonde, mafupa okhaokha. Jesinta anali ataphika nyemba, mchere uli pambale pambali, akudikira woyandikana naye kuti adzathire. Atationa anagwada. A Alufeo anakonza kukhosi kuti ayambe mlandu. Asanatsirize mawu oyamba, Mayi Anastazia anaimirira, anatapa mchere uja, anatambasula dzanja la Jesinta n'kuukhuthuliramo.

"Thirani, apongozi."

"Amayi, abale anu anandiletsa."

"Thirani. Ine ndiyamba kudya, mwana wanga atsatire."

Jesinta anathira akulira. A Alufeo anamenya ndodo pansi. "Akafa, mlandu ndi wako!"

"Ndi wanga, achimwene," anatero. "Ndinausenzapo, kulemera kwake ndikukudziwa. Mwanayu sausenza."

M'mawa mwake anapita naye Timoteyo kuchipatala. Amayi awiriwo ankasinthana kumudikirira, akuphika pamafuwa panja, iye akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku mpaka thupi linasowa pobaya. Ndikanakonda kulemba kuti anachira. Sanachire. Pamaliro ake manong'onong'o anayambanso, koma Mayi Anastazia anakhala phewa ndi phewa ndi Jesinta mpaka kumanda, ndipo palibe analimba mtima kunena mokweza. A Alufeo sanalankhulenso nawo mlongo wawo.

Mvula itadula chaka chino, chimanga chikuuma chili chiimire, Mayi Anastazia nawonso anayamba kutsokomola. Anadziwa okha, pakuti mawu a chifuwacho ankawazindikira ali patali. Mankhwala analandira, koma thupi linali litatopa kale, ndipo chakudya m'nyumba munalibe chokwanira. Jesinta anali atasudzulidwa, sanalinso ndi udindo uliwonse pabanjali. Anabwerabe wapansi kuchokera ku Kaphuka ndi kamtolo ka ufa pamutu, ndipo sanabwerere.

Tsiku lawo lomaliza, itangopita Pasaka, Bambo Mfumu anawadzoza mafuta n'kuwapatsa Ukalistia. Zenera linali lotsegula monga ankafunira. Titatha korona anapempha phala. Jesinta anaphika, anawatsamiritsa pachifuwa pake, n'kuwamwetsa ndi supuni. Analawa, kenaka anamwetulira.

"Apongozi, mchere wachepa. Musamaliope dzanja lanu."

Masana omwewo anagona, osadzukanso.

Chifuwa chikadali pakati pathu, akhristu anzanga, ndipo m'midzi yathu muli akazi ena amene akudikira woyandikana naye kuti adzawathirire mchere. Pamaliro a Mayi Anastazia miphika inali yochepa chifukwa cha njalayi, koma yonse anathira ndi Jesinta, ndipo palibe anamugwira dzanja. Ambuye awapatse mpumulo wosatha mdzakazi wawo ameneyu.